Manambala a Bibiana

Joni, 9 Okutobala 1983

Amake Delfina,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji inu ndi mwana wathuyo? Nanga apongozi, mwendo uja unasiya kutupa? Alamu anga a Artur muwapatse moni. Ine kuno ndili moyo, kungoti chifuwa chija sichinatheretu, ndikaseka chimandikumbutsa kuti chilipo. Mwayi wake kuno zoseketsa n'zochepa.

Kalatayi ikubwera ndi Virgílio, woyendetsa kamyau yonyamula katundu uja amadutsa pa Tete popita ku Malawi. Aisiya pa loja, sitolo ya msuweni wake, ndipo kuchoka pamenepo ikwera chilichonse cholowera ku Fingoe. M'phukusimo muli nsalu za kapulana ziwiri, sopo, kaderno yolembamo, malapizi atatu ndi wotchi. Kapulana imodzi ndi ya apongozi, musachite ngati mzere umenewu simunauone. Za wotchiyo ndifotokoza m'munsimu, musathamangire kukaionetsa ku tchalitchi.

Ntchito ndi yomwe ija ya kwa azungu olosera za nyengo. Ndimasesa, ndimatsuka mabotolo, ndimapopa zibaluni zimene amaulutsa kuti zikayeze mpweya wa kumwamba. Zaka zinayi ndakhala ndikudutsa pa magalasi oyezera kutentha ngati wakhungu, pakuti munthu wakuda kuno ntchito yake n'kupukuta galasi, osati kuliwerenga. Ine amene ndinawerenga magalasi otere zaka zisanu ndi ziwiri pa posto yathu ya boma ya Malowera, senyoro wa zaulimi, Mpwitikizi uja, ali gone ndi vinyo!

Sabata yatha pakamwa panandipulumuka. Pali mzungu wina wachinyamata, wamtali, woonda miyendo, timamutcha Kakowa. Ndinamupeza akulemba nambala pa galasi lokulungidwa nsalu lija, nsaluyo itauma gwa. Ndinati, "Baasi, nambala imeneyo ndi yabodza, nsalu yauma." Ndinkayesa ntchito yatha basi. Iye anangondiyang'ana, n'kufunsa kumene ndinaphunzira. Nditamuuza, anandikokera m'chipinda chimene ndimangololedwa kusesa, n'kundionetsa mapu. Paliponse pamene pali munthu woyeza nyengo anaikapo kadontho. Kuno timadontho tili mbwee, ku Zimbabwe tilipo ndithu, koma kwathu kuli mbee, popanda ngakhale kamodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Ali ndi makina aakulu owerengera, amawapatsa manambala a lero n'kuwafunsa za mawa. Za kumwamba makinawo amadziwa chifukwa cha zibaluni zija. Chimene chimawazunguza ndi chinyontho cha mpweya wa pansi, uwu timapumawu, ndipo akuti n'chimene chimadyetsa mitambo ya matalala. Mpweya wonyowawo akuti umachokera cha kwathu, umayenda masiku awiri kapena atatu, n'kudzaphulikira pamutu pawo. Poti kwathu kulibenso wowauza, makina amangoganizira, amati mawa kuuma, mawa lakelo matalala n'kuswa magalimoto a anthu. Anati, "Caetano, matalala athu amachokera kwanu." Ndinafuna kumuyankha kuti zochokera kwawo kupita kwathu n'zoposa matalala, koma ndinameza.

Tsono mverani. Kabokosi koyera ka miyendo inayi kaja ndinatola pa posto Apwitikizi atathawa, kamene munkandiseka nako kuti n'khola la nkhunda, mukatulutse. Alamu akakumbire pa mtetete kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi mtengo, chitseko chiyang'ane kummwera. Magalasi awiri ali m'sutikesi, ndinawakulunga m'malaya anga akale. Limodzi likhale louma. Linalo mulimange kansalu koyera kumunsi, mchira wa kansaluko ulowe m'botolo la madzi. Pa eyiti koloko m'mawa ndi pa thu koloko masana muziwerenga onse awiri n'kulemba mu kaderno, tsiku lililonse mzere wake. Manambala awiriwo akatalikirana ndiye kuti mpweya ndi wouma, akayandikana ndiye kuti wakhuta madzi. Mwezi ukatha muzing'amba tsambalo n'kunditumizira. Kuchedwa kwake si kanthu, Kakowa akufuna kuyerekeza ndi masiku amene matalala anagwa kuti awongolere makina ake.

Mudzati mwamuna wanga wapenga. Pasi yanga ikutha mu Malichi, ndipo a kwathu ambiri sakuwaonjezeranso, akuwakweza sitima. Kakowa wati manambala akamabwera adzandiyankhulira kwa akuluakulu. Munaphunzira ku mishoni mpaka kalasi yachitatu, musandiuze kuti manambala awiri angakugonjetseni.

Ndine mwamuna wanu,
Caetano


Joni, 22 Janyuwale 1984

Amake Delfina,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti Delfina anadwala chikuku koma wadzuka, tithokoze Mulungu. Ine ndili bwino, chifuwa chaleka.

Masamba a Novembala ndi Disembala afika, atanunkha dizilo ndi fodya wa Virgílio. Mwalemba bwino, ngakhale seveni wanu amaoneka ngati khasu lothyoka. Kakowa anandiitana katatu kuti ndimumasulire.

Koma pali pena pamene mwandichititsa manyazi. Kuyambira pa 4 mpaka pa 14 Disembala manambala onse awiri ndi ofanana, ngati kuti munali m'nkhungu masiku khumi ndi limodzi. Pomwe m'kalata yomweyo mukuti chimanga chapota masamba ndi dzuwa! Nsalu inauma, amake Delfina, ndipo inu munkangolemba. Cholakwa chomwe chija ndinamugwira nacho mzungu, lero ndi mzungu akundilozera ndi chala pa tsamba la mkazi wanga. Ndikudziwa kuti chitsime chaphwa ndipo mukukatunga ku mchenga wa kumtsinje. Ndikudziwa. Koma botolo limenelo limamwa madzi ochepa kuposa nkhuku. Madziwo muziyamba mwawiritsa n'kusefa, a matope amaumitsa nsalu. Nsaluyo ikada muzidula ina pa malaya anga aja, sindidzawavalanso.

Zabwino nazi. Masiku atatu amene manambala anu anayandikana moona, Kakowa anawerenga kutsogolo masiku awiri n'kupeza kuti kawiri konse mwa katatuko kuno kunagwa matalala, makina ake atanena kuti kuuma. Munthu uja anavina, amake Delfina, mzungu kuvina ndi pepala lanu m'manja. Anafunsa dzina lanu, ndinamuuza kuti Bibiana, analephera kulitchula, anangolemba kuti Malowera n'kuika kadontho pa mapu. Ndiye dziwani kuti pa khoma la ku Joni pali kadontho kamene ndi inu. Pasi yanga aionjezera chaka.

Za njala mwalembazo zandidula mtima. Ndamupatsa Virgílio thumba la ufa ndi mafuta ophikira, ngati asilikali a pa milatho sagawana. Mbuzi yaikazi musagulitse, yambani ndi tonde. Denga la khitchini alamu akonze mvula isanabwerere.

Za alendo a m'tchire amene akuti anaoneka cha ku Chiputo ndamva. Zimenezo musalembenso m'kalata, sitidziwa amene amatsegula panjira.

Ndine wanu,
Caetano


Joni, 30 Sepitembala 1984

Amake Delfina,

Moni. Ndikhulupirira muli moyo nonse. Ine ndilipo, ngakhale kalata yanu yandisowetsa mtendere sabata yathunthu.

Ndamva kuti mudzi wonse anausamutsira ku aldeya, mudzi watsopano wa boma pafupi ndi posto, ndi kuti nyumba yathu yatsala yokha ndi chiswe. Nyumba imene ndinaumba njerwa zake ndi manja angawa. Ufulu tinkauvinira ujatu, sindinkadziwa kuti udzatiuza pogona. Basi, ndisapitirire.

Mukuti achemwali anu a Olga akuwolokera ku Zambia ndi ana awo, ndipo inunso mukufuna kupita nawo ndi Delfina ndi apongozi. Mwandifunsa ngati mwamuna wanu, ndipo ndikuyankha: ayi, dzinja lino lokha musapite. Ku Zambia mukakhala m'msasa wa udzu, kudikira ufa wa chifundo. Ndikakupezani kuti? Virgílio sadutsa kumeneko. Ndipo manambala akaleka lero, mu Malichi ine ndili pa sitima, ndifike kumeneko manja lende, tonse tizikayang'anana. Amene akudya thumba la ufa lija akumbukire kumene likuchokera.

Mawu amenewa ndikunena alamu. Uthenga wawo wandipeza, woti kodi mlongo wawo ndinamukwatira kapena ndinamulemba ulonda wa kabokosi. Muwauze kuti mkamwini amene akumunenayo ndi yemwe anawagulira njinga akukwerayo. Sindikufuna mkangano, koma munthu asandiyese chitsiru chifukwa ndili kutali.

Mwafunsanso ngati mungasamutsire kabokosi ku aldeya. Ndinamufunsa Kakowa, anagwira mutu. Akuti kakasuntha ndiye kuti manambala a chaka chatha ndi a chaka chino sangayerekezedwenso. Ndipo akunena zoona, ine ndikudziwa malowo. Aldeya anaimanga m'mbali mwa dambo, mpweya wa pamenepo ndi wonyowa nthawi zonse, ungamanamize makina kuti kukubwera mkuntho tsiku lililonse. Kasiyeni pomwe kali. Kuchoka ku aldeya kufika kumudzi wakale ndi ola limodzi, ndipo munda wathu uli komweko. Muzilawira ngati wopita kumunda, muwerenge m'mawa, mulime, muwerenge masana, n'kubwerera dzuwa likadalipo. Kwa sekeretariyo wa aldeya mukapemphe giya, kalata yokulolani kupita kumunda, aliyense amalima, sangakukanizeni.

Ndikudziwa kuti mukuopa. Inenso ndimaopa, kuno sabata sipita osamva kuti wakutiwakuti amutenga pa siteshoni. Koma anthu a m'tchirewo angafune chiyani kwa mayi wa khasu ndi lapizi? Dzinja limodzi lokha. Kakowa akuti akakhala ndi madzinja awiri athunthu ntchito yake yatha, ndipo adzandilembetsa ngati wantchito wokhazikika.

Ndatumiza nsapato za Delfina. Ndayerekeza ndi phazi la mwana wa mnzanga, zikakula adzakuliramo. Kodi amandidziwa n'komwe mwanayo, kapena amayesa bambo wake ndi Virgílio wobweretsa sopo?

Ndine mwamuna wanu,
Caetano


Joni, 10 Febuluwale 1985

Amake Delfina,

Moni kwa inu, kwa mwana, kwa apongozi. Kwa alamu moni ngati akuulandira. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Ndikuuzeni zimene manambala anu achita. Kakowa anawongola makina ake ndi masamba anu a chaka chatha, kuti mphepo ikamachokera kwathu makinawo asamathamangire kunena kuti mpweya wa pansi ndi wouma. Lachitatu lapitalo makina anati mawa masana kugwa matalala aakulu. Kumwamba kunali kuli ngwee, akuluakulu anamuseka, iye anaumirira. Analiza mafoni. Ndege zing'onozing'ono anazikankhira m'mashedi, ogulitsa magalimoto anabisa magalimoto awo, azimayi a m'mayadi anafunditsa maluwa. Lachinayi pa fili koloko kunada bii, ndipo anagwa matalala ngati mazira a nkhuku. Ndege sinasweke ngakhale imodzi.

Ku lokeshoni foni sinalire. Ku hositela kwathu denga linabooka ngati sefa. Vicente, wa ku Angonia amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anali panja akuanula zovala, anamusoka mutu ku chipatala. Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha pa geti anaphimba mwana ndi thupi lake, msana wonse unatupa. Ine ndinkadziwa kuyambira Lachitatu, ndinamva ndi makutu anga ndikusesa, ndinawauza anzanga, iwo anati kodi wayamba liti kulosera iwe wa tsache.

Lachisanu ku ofesi kunali keke. Anandipatsa chidutswa pa pepala, ndinakadyera kuseri kwa shedi ya zibaluni. Akuluakulu anamugwira chanza Kakowa. Dzina lanu silinatchulidwe, langa ndiye musafunse n'komwe. Ndinadya keke ija ndikuganiza za inu pa njira ya kumudzi wakale.

Tsamba la Janyuwale lafika. Masiku asanu ndi anayi alibe nambala, mwangojambula mizere, ndipo m'mphepete mwalemba kuti "tinali kuphiri". Sindifunsa. Kakowa anafunsa, ndinamuuza kuti lapizi inatha. Anati nditumize ambiri. Ndi awo asanu m'phukusimo, mphatso ya mzungu.

Mukuti sekeretariyo anakuimitsani n'kufunsa chimene mumalemba, ndiponso kumene munatenga wotchi. Muuzeni zoona, kuti ndi za mvula. Amene uja tinkakhala naye benchi limodzi ku mishoni ndipo masamu ankakopera kwa ine, asadzitukumule. Mumupatse sopo mmodzi.

Tsono ndaganiza. Alamu ananena zoona, ngakhale ananena moipa. Malizani Febuluwale ndi Malichi basi, dzinja lachiwiri likwane, pasi yanga idindidwe. Pa 1 Epulo mutseke kabokosiko, mutenge mwana ndi apongozi, mupite kwa a Olga. Masabata asanu ndi awiri okha. Mwapirira chaka ndi theka, amenewa sangakukanikeni.

Ndine wanu,
Caetano


Joni, 21 Epulo 1985

Bibiana mkazi wanga,

Kalatayi ndaipereka m'dzina la alamu kuti akubweretsereni kumene akusunganiko, ngati alola. Sindikufunsa kuti muli bwanji. Ndingafunse bwanji?

Virgílio anafika Lachiwiri ndi uthenga wa pakamwa. Akuti pa 19 Malichi a milisiya, alonda a mfuti a boma aja, anakupezani panjira yochokera kumudzi wakale, muli ndi wotchi pamkono, kaderno m'dengu, ndi envulopu yolembedwa adiresi ya ku Joni. Akuti mwatsekeredwa m'chipinda cha kuseri pa posto. Akuti manambala awiri a m'mawa ndi awiri a masana akuwamasulira kuti ndi chiwerengero cha asilikali ndi mfuti, ndipo kabokosi akuti ndi wailesi yoyankhulira ndi Mabunu. Wailesi ya matabwa ndi botolo la madzi! Sate-wanu ndi twente-thu, ndi asilikali amenewo? Pa Malowera panayamba pakhalapo asilikali sate-wanu? Ndinakalipa mpaka Vicente anandigwira pakamwa, pakuti m'hositela makoma ali ndi makutu. Masiku khumi ndi atatu okha ndi amene anatsala kuti munyamuke.

Musataye mtima, ndakonza. M'envulopu yayikuluyo muli chikalata chochokera ku ofesi yathu. Chalembedwa m'Chingerezi pa pepala lenileni la boma, la chizindikiro pamwamba, ndipo Kakowa wasayina, pansi pali chidindo. Chikunena kuti mayi Bibiana wa ku Malowera wakhala akutumiza manambala ku ofesi ino kuyambira Novembala 1983, kuti ndi manambala a kutentha ndi chinyontho cha mpweya basi, ndi kuti ntchito yake yathandiza kwambiri. Kumbuyo ndamasulira m'Chipwitikizi mawu awiri atatu, koma shefe, mkulu wa posto, ndi wophunzira, awerenga yekha.

Alamu, apa ndikuyankhula ndi inu. Zakale tiziike pambali. Chikalata chimenechi musachipinde, musachinyowetse, musachipereke kwa sekeretariyo kapena kwa wa milisiya wa pakhomo. Muvale malaya abwino, mupemphe kuonana ndi shefe mwini wake, mumupatse m'manja. Ine ndakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ndaona mphamvu ya pepala lotere. Wapolisi atakugwira kale pakolala, ukamuonetsa chidindo chimenechi amachotsa dzanja n'kukuuza kuti pita. Mawu a pakamwa a munthu wosauka salemera kanthu, koma chidindo palibe amatsutsana nacho.

Bibiana, mukatuluka musabwererenso kukatseka kabokosi, musatenge n'kaderno yomwe. Tsiku lomwelo muwoloke. Ndatumiza bulangeti ndi shuga, alamu azikupatsirani ngati akulola chakudya cha kunja.

Ndine mwamuna wanu,
Caetano


Joni, 23 Juni 1985

Amake Delfina,

Moni, kulikonse kumene kalatayi ikupezeni. Ine ndilipo. Kwazizira kwambiri chaka chino, chifuwa chabwerera.

Miyezi iwiri popanda liwu. Virgílio sanaoneke, akuti magalimoto tsopano amadikira asilikali owaperekeza ndipo ena sakufika. Kalatayi ndapatsira munthu wina wa ku Petauke amene akubwerera kwawo, wati akafunsa a Olga m'misasa ya m'malire. Ndimadziuza kuti munatuluka, munawoloka, ndipo simukulemba chifukwa mwandikwiyira. Ngati ndi choncho kwiyani, muli ndi chifukwa. Nditukwaneni tsamba lonse, ndidzawerenga mokondwa. Koma lembani.

Pasi anaidinda. Ndine wantchito wokhazikika tsopano, anandipatsa ovolosi yatsopano ya dzina pachifuwa. Ndimaivala ngati ya munthu wina.

Delfina akwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri mwezi wa mawa. Ngati kumeneko kuli sukulu mumulembetse.

Ndine wanu,
Caetano


Joni, 6 Okutobala 1985

Alamu a Artur,

Moni. Kalata yanu ya mu Ogasiti yandipeza dzana. Ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo. Ndithokoze kuti simunandibisire kanthu.

Ndibwereze zimene mwalemba, kuti ngati ndamva molakwa mundiwongole. Mukuti aphunzitsi a kwathu, mayi Matilde, anapita okha pa posto, anatenga magalasi aja, ananyowetsa nsalu pamaso pa shefe n'kumuonetsa nambala ikutsika, ndipo shefe anaseka n'kunena kuti mayiyu si kazitape, ndi wopusitsidwa ndi mwamuna wake basi. Mukuti anagamula kuti Bibiana asese pa posto mpaka kutha kwa Meyi, kenako azipita. Mukuti anali atayamba kale kugona kunyumba, akumapita m'mawa kukasesa. Ndiye phukusi langa linafika pa 24 Meyi. Munavala malaya abwino monga ndinanenera, munapereka m'manja. Shefe anaona chizindikiro cha boma la kuno pamwamba, anawerenga kuti wakhala akutumiza manambala kuyambira 1983 ndipo wathandiza kwambiri, ndipo sanasekenso. Anati nkhaniyi yamukulira. M'mawa mwake anamukweza kamyau ya ku Tete, tsache akadali nalo m'manja. Mwapita ku Tete kawiri, mwafunsa makomo onse amene munthu angafunse, dzina lake palibe paliponse.

Ndamva bwino, eti?

Ndinamuuza Kakowa. Anavula magalasi ake a m'maso, anati pepani, ndipo ndikhulupirira kuti zinamukhudzadi. Kenaka, pofuna kunditonthoza, anati ntchito ya mkazi wanga sinapite pachabe, madzinja awiri aja akwanira, makina tsopano amatha kuganizira chinyontho cha kwathu popanda wowauza. Ndinati zikomo baasi, n'kutenga tsache langa. Mitambo yayamba kale kuunjikana masana, ndipo magalimoto awo chaka chino ali pabwino.

Tsono zofunika. Mutenge Delfina ndi apongozi muwoloke, musadikire kukolola, musadikire kalata yanga ina. Mbuzi muwasiyire a Matilde, ndilibe china chowathokozera. Ine ndapempha tchuthi, andikaniza mpaka nyengo ya matalala ithe. Ndinyamuka ndi Virgílio akangopezeka, alole asalole. Ndikayambira ku Tete. Ngati akufuna munthu amene amayankhula ndi Mabunu, ndine ndimawasesera, akanditenge ine.

Chatsala chimodzi, ndipo n'chimene ndalembera kalatayi. Mwalemba kuti simugona, kuti ndinu munapereka mlongo wanu ndi manja anu, kuti mukanadziwa Chingerezi mukanaching'amba chikalatacho panjira. Alamu, chotsani zimenezo mumtima. Inu munanyamula chimene ndinakutumani.

Ndipo musamutukwane mzungu pa ichi, ngakhale ndikanakonda kuti mlandu ukhale wake. Tsiku limene ndinamupempha, iye analemba pa pepala wamba, lopanda chizindikiro, n'kusayina dzina lake lokha. Anandifunsa kuti, "Caetano, pepala la ofesi ino lingamuthandize munthu kwanu? Maboma athu sakuonana bwino." Ine ndinamuyankha kuti baasi simudziwa kwathu, pepala lopanda chidindo ndi lokulungira fodya. Anakana. Ndinabwerera mawa lake, anakananso. Tsiku lachitatu ndinagwada pa simenti ya m'chipinda cha mapu, ine Caetano, ndinamugwira mwendo, mpaka anatsegula kabati n'kutulutsa pepala la boma ndi chidindo. Mawu oti wathandiza kwambiri ndinachita kumuuza ndine kuti awonjezere, ndinkati amveke wolemekezeka. Inki itaoneka yofooka ndinamupempha adindenso kachiwiri.

Apongozi mukawawerengere ndime imeneyi monga ndailembera, osachotsa liwu. Delfina akadzakula n'kufunsa amene anatengetsa amake, musadzamuuze kuti ndi nkhondo.

Ndine mlamu wanu,
Caetano